Makasitomala atatu afiira maso nditawaika malashi: vuto ndi guluu kapena zida zanga?

Funso lachokera kwa mayi wina amene ali ndi saluni pa Kamwendo ku Mchinji, kumene amaika malashi, tsitsi loikirira la pa zikope. Akuti: "Ndakhala ndikuika malashi kwa chaka ndi theka popanda vuto. Koma m'masabata awiri apitawa makasitomala atatu andiimbira kuti maso afiira, wina akuti akumadzuka zikope zitamatana. Matwiza ndimawapukuta ndi spiriti ndikangomaliza munthu aliyense. Mnzanga akuti ndi guluu, ndisinthe. Kodi ndigule wina, kapena pali pomwe ndikulakwitsa? Nyengo ya maukwati yayandikira, ndikuopa kuti mbiri ya saluni iipa."

Achemwali, ndalama ya guluu watsopano ibasungani kaye. Anthu atatu m'masabata awiri, wina akudzuka ndi manthongo omata zikope, ngati guluu ali yemweyo wa masiku onse, zimenezi zikuloza kwambiri ku matenda opatsirana. Guluu akamuwenga munthu amawenga iyeyo basi, sachoka pa kasitomala wa Lachiwiri kukagwira wa Lachisanu. Choyenda motero ndi tizilombo, ndipo timakwera pa nsonga ya twiza, pa zala zanu, pa kaburashi ndi pa pilo. Guluu tingamukayikire ngati munasintha mtundu posachedwa kapena botolo lakalamba, koma ngakhale apo manthongo a mafinya sabwera ndi guluu.

Aimbireni atatuwo lero lomwe, ndipo musangofunsa kuti "muli bwanji". Funsani kuti zinayamba patapita nthawi yaitali bwanji chichokereni pa bedi lanu, ndi diso limodzi kapena onse awiri, chikutuluka ndi misozi kapena mafinya, ndipo kunyumba kuli wina amene wafiiranso maso. Mayankho awo akuuzani zambiri, chifukwa mavuto a malashi sabwera mofanana.

Mpweya wa guluu ukalowa m'diso, munthu amamva kuwawa ali pabedi pomwepo kapena patangopita maola ochepa. Kufiira kumakhala m'munsi mwa diso, pamene chikope chinali chotsekuka pang'ono, ndipo kumazirala pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Guluu akamuwenga, chikope ndicho chimatupa, chimayabwa kwambiri, nthawi zambiri maso onse awiri, pakati pa tsiku limodzi ndi atatu, popanda mafinya. Chodabwitsa n'chakuti zimakonda kugwira munthu amene waikitsa kale kangapo bwinobwino, kenako thupi n'kudana naye guluuyo, ndipo likadana naye silibwereranso: nthawi zambiri akaikitsanso kutupa kumaposa kwa kale. Mabakiteriya amabweretsa manthongo achikasu kapena obiriwira, munthu n'kudzuka zikope zitamatana. Vairasi amayamba diso limodzi, misozi chuchuchu, diso lili psuu ngati mwalowa mchenga, lachiwiri n'kutsatira patapita masiku ochepa, mwina ndi kamwanabere kutsogolo kwa khutu. Ena mwa mavairasiwa amaonekera pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, koma wotchedwa adenovirus amatha kubisala masiku 5 mpaka 12. N'chifukwa chake kasitomala amatha kuimba patapita sabata, inu mutaiwala kale kuti ndani anagona pabedipo iye asanabwere.

Za spiriti, ndi chizolowezi cha masaluni ambiri ndipo anthu amachita ndi mtima wabwino, koma kupukuta twiza ndi thonje la spiriti sikokwanira. Zifukwa zake zilipo zitatu. Choyamba, spiriti salowa pansi pa litsiro. Pa nsonga ya twiza pamakhala timabulu ta guluu wouma, mafuta a khungu ndi manthongo, ndipo tizilombo timabisala pansi pake, thonje n'kungodutsa pamwamba. Chachiwiri, amauma m'masekondi ochepa, pomwe mankhwala ophera tizilombo amafuna nthawi chida chili chonyowa. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, adenovirus ndi wouma mutu. Alibe kachikuta ka mafuta kamene spiriti amasungunula pa mavairasi ena, choncho kupukuta kwachangu sikumupha modalirika, ndipo amakhala wamoyo pa chitsulo kapena pa pulasitiki youma kwa masabata angapo. Mukukumbukira mu 2024 pamene matenda a maso ofiira, amene ambiri ankangowatchula kuti pink eye, anayambira ku Karonga n'kufalikira m'maboma ambiri. Matenda a mtundu umenewu amayenda pa manja, pa mipango ndi pa zinthu zogwirana, ndiye taganizirani chida chimene chimakhala maola awiri pa chikope cha munthu.

Njira yoyenera imayamba ndi kutsuka. Mukamaliza kasitomala, chotsani guluu wouma pa nsonga ndi kathonje ka acetone, mankhwala omwe aja ochotsera penti wa zikhadabo, koma chitani zimenezi kutali ndi nkhope ya munthu. Kenako tsukani twiza yonse ndi sopo wa madzi ndi kamswachi kosungira ntchito yokhayi, makamaka m'kati mwa nsonga ndi pamene zitsulo ziwiri zimakumana. Tsukuluzani. Apa ndi pamene mungaphe tizilombo tsopano, ndipo muli ndi njira ziwiri zimene zimatheka pa Kamwendo, magetsi akhalepo kapena azime.

Yoyamba ndi kuwiritsa. Khalani ndi kapoto ka chivindikiro ka ntchito yokhayi. Yalani kansalu koyera pansi kuti nsonga zisagundegunde chitsulo n'kupindika, ikani matwiza, thirani madzi mpaka amire onse, vindikirani. Mphindi 20 muziwerenge kuyambira pamene madzi abwata, osati pamene mwateleka. Mukaponyamo chida china pakati, kuwerenga kuyambirenso. Zikakwana, khuthulani madzi, tulutsani ndi chida chimene chawiritsidwa nawo, ziume zokha pa mbale yoyera, kenako sungani m'kabokosi kotseka. Pa mbaula ya makala zimatheka bwinobwino, ndipo matwiza a chitsulo chosachita dzimbiri saonongeka nazo.

Yachiwiri ndi madzi a Jik. Werengani pa botolo: Jik wamba amalembedwa 3.5%. Kuti mupeze mphamvu ya 0.5% yofunika pa zida, sakanizani muyezo 1 wa Jik ndi miyezo 6 ya madzi ozizira, mwachitsanzo 50 ml ya Jik mu 300 ml ya madzi. Botolo likakhala la 5%, ndi muyezo 1 pa miyezo 9. Mizani matwiza otsuka kale kwa mphindi 10, tcherani alamu pa foni, chifukwa mukawaiwala m'menemo adzachita dzimbiri ndipo nsonga zidzadyeka. Mukavuula tsukuluzani bwino ndi madzi owiritsa ozizira. Sitepe iyi musaidumphe, chifukwa Jik wotsalira pa nsonga akafika m'diso amaotcha. Madzi a Jik akonzedwe atsopano m'mawa uliwonse, m'chidebe cha pulasitiki chovindikira, pamthunzi. A dzulo atha kale mphamvu ngakhale akununkhabe. Musawasakanize ndi spiriti, viniga kapena mankhwala otsukira chimbudzi, mpweya wake ndi woopsa. Kwa ife kuwiritsa ndiko kwabwino pa matwiza a tsiku ndi tsiku, Jik akhale wa tebulo, bedi ndi zinthu za pulasitiki zimene sizingawiritsidwe.

Kabokosi kowala buluu kaja, kamene ogulitsa amati kamapha tizilombo tonse, kakhale kosungiramo zida zoyera kale basi. Kuwala kwake kumagwira pokhapo pamene kwafika, pansi pa twiza ndi m'kati mwa nsonga sikufikamo. Dettol ndi Savlon nazonso si za ntchito imeneyi, ndipo zisayandikire diso.

Mwina mukuti, nanga kasitomala wina akudikira, nthawi yowiritsa ndiipeza kuti? Yankho lake ndi kukhala ndi matwiza okwanira. Munthu mmodzi amafuna awiri, yolekanitsira tsitsi la pa chikope ndi yonyamulira lashi. Khalani ndi mapeya atatu. Kuika malashi onse kumatenga ola ndi theka kapena maola awiri, ndiye peya ina ikamagwira ntchito, ina ili m'poto, ina yauma m'bokosi. Ndalama ija ya guluu ipite kumeneko. Twiza ikagwa pansi, imeneyo yatha ntchito mpaka itatsukidwanso. Kuipukuta pa epuloni n'kupitiriza ndiko kumabweretsa zimene mukuonazi. Spiriti musamutaye, ali ndi malo ake: kupukutira foni, nyale ndi chogwirira cha galasi. Wogwira bwino ntchito ndi wa 70%. Spiriti wapepo wa m'magolosale ali ndi utoto ndi mankhwala ena a poizoni, ameneyo asakhudze chilichonse chopita ku diso.

Pali zinthu zimene sizitsukika n'komwe. Kaburashi kopesera malashi, timitengo ta thonje, tepi, zomata za pansi pa diso ndi kamphete koikamo guluu, zonsezi ndi za munthu mmodzi. Kaburashi mupatseni kasitomala apite nako, akafuna kale kopesera kunyumba, ndipo mtengo wake muuphatikize pa mtengo wa ntchito. Tepi mudule tizidutswa tokwanira musanayambe, mpukutu ubwerere m'kabati, chifukwa mukamaugwiragwira muli pakati pa ntchito m'mbali mwake mumamatirira chilichonse. Malashi mutulutse mzere umene muugwiritse ntchito, muuike pa kathailosi kopukutidwa, bokosi mutseke. Otsala pa mzerewo asabwerere m'bokosi.

Zizolowezi zitatu zimene zafala m'masaluni zisiyeni lero. Kudontheza guluu kuseri kwa dzanja kapena pa chikhadabo: dontho liikidwe pa katepi komata pa kathailosi, ndipo lisinthidwe mphindi 15 mpaka 20 zilizonse, likayamba kunanda. Kumata mzere wa malashi pa khungu la dzanja lanu: pakhunguli pamakhala mabakiteriya otchedwa Staphylococcus, omwe aja oyambitsa kachithupsa ka pa chikope, ndipo lashi lililonse limawanyamula kupita nawo pa mzu wa tsitsi la kasitomala. Ndi kuuzira ndi pakamwa kuti guluu aume msanga. Ichi chimatiwawa kwambiri, chifukwa malovu amagwera pa diso la munthu amene wakukhulupirirani n'kutsinzina. Kapampu kofinya ndi dzanja kapena kafani kakang'ono n'zotsika mtengo. Valaninso masiki, poti nkhope yanu imakhala pamwamba pa yake nthawi yonseyo. Ndipo ngati muli ndi chimfine kapena zilonda za pamlomo zotuluka ndi malungo zija, tsiku limenelo musaike munthu, chifukwa kachilombo ka zilondazo kakalowa m'diso kamapanga chilonda chobwerezabwereza.

Manja asambidwe ndi sopo ndi madzi oyenda kwa masekondi 40 mpaka 60, musanayambe ndi mukamaliza munthu aliyense, m'mipata ya zala, zala zazikulu ndi m'zikhadabo momwe. Madzi a pampopi akavuta, ndowa ya kampopi ikhale pakhomo pa chipinda, osati beseni losambamo aliyense. Popukuta gwiritsani mapepala kapena tinsalu ting'onoting'ono tambiri, kamodzi n'kuponya m'dengu la zochapa. Thaulo limodzi lopachika pa msomali tsiku lonse limabwezera m'manja zonse zimene mwasamba. Mukagwira foni, ndalama, tsitsi lanu kapena masiki muli pakati pa ntchito, pakani sanitaiza masekondi 20 mpaka 30, aume, ndiye mubwerere. Bwino foniyo ingokhala m'chikwama. Za zikhadabo tinene mosabisa, ngakhale tikudziwa kuti mwini saluni amafuna kuoneka bwino: zikhadabo zazitali zoikirira zimasunga tizilombo pansi pake ngakhale musambe chotani, ndipo sizigwirizana ndi ntchito ya m'maso. Magolovesi si mlowam'malo wa kusamba, ndipo mukavala akhale atsopano pa munthu aliyense.

Pilo ikutidwe ndi pulasitiki yopukutika, pamwamba pake nsalu yoyera yosintha pa munthu aliyense. Chitenje chimodzi choyala kuyambira m'mawa mpaka madzulo chimalandira misozi ya aliyense. Bedi, tebulo ndi chogwirira cha chitseko muzipukute ndi madzi a Jik ofooka, a 0.1%: supuni zazikulu 2 za Jik wa 3.5%, pafupifupi 30 ml, mu lita 1 ya madzi, pakhale ponyowa kwa mphindi yathunthu. Panopa, poti mukukayikira kuti matenda adutsa m'chipindamo, pukutani paliponse ndi amphamvu aja a 0.5%, chapani nsalu zonse ndi madzi otentha, ziume padzuwa, musite. Tayani timaburashi, tepi ndi malashi onse amene anali otsekula m'masabata awiriwa. Zikuwawa kutaya katundu, koma simungadziwe kuti ndi bokosi liti linakhudzidwa. Ndipo poti muli m'mbali mwa msewu wa Lilongwe–Mchinji, mwezi wa Okutobala fumbi lili koboo, zida zonse zikhale zovindikira. Bedi la malashi litalikirane ndi pamene mukupopera tsitsi kapena kupala zikhadabo.

Kabotolo ka madzi otsukira zikope kamaiwalika kawirikawiri. Ambiri amasungunula shampu m'kabotolo, akatsala pang'ono n'kuwonjezeramo madzi, mwezi n'kutha osakatsuka. M'madzi okhalitsa otero mumaswana bakiteriya wotchedwa Pseudomonas, amene akapeza kachilonda pa galasi la diso, kachikuta koonekera ka kutsogolo kwa diso, amatha kuliwononga m'masiku awiri okha. Sungunulani pang'ono ndi madzi owiritsa ozizira, zotsala mutaye pakapita masiku awiri kapena atatu, botolo mutsuke liume musanathiremo zina. Madzi a mchere a ku famase otchedwa saline, a 0.9%, ndi abwino potsukuluza, koma botolo likatsekulidwa ligwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo.

Zonse tanenazi zingagwe m'madzi ngati simuyang'ana maso a munthu asanagone. Chida chachikulu chimene muli nacho ndi mawu akuti "lero ayi". Mukasamba m'manja, muyang'aneni pa kuwala kwabwino, atsekule maso, kenako atsinzine. Diso lofiira, misozi, manthongo, kachithupsa, chikope chotupa, timatuza kapena zilonda pa chikope, pamphumi ndi pamphuno monga za mashingozi, onsewa abwerere. Yang'anitsitsani pa mizu ya tsitsi: tinkhanambo tokhala ngati mfundu tozungulira tsitsi lililonse ndi chizindikiro cha kutupa kwa m'mphepete mwa chikope, ndipo timadontho tomamatira tosachoka ndi burashi tingakhale mazira a nsabwe. Funsaninso ngati kunyumba kuli wodwala maso, ngati anachitidwapo opaleshoni ya diso posachedwa, ngati akudontheza mankhwala, ngati guluu anamuwengapo. Wovala magalasi a m'kati mwa diso avule musanayambe.

Tikudziwa kuvuta kwake. Mkwatibwi wabwera Lachisanu, ukwati ndi mawa, akuti ndi fumbi chabe, ndalama ili m'manja. Muuzeni mwaulemu kuti, "Asisi, diso ili likufuna achipatala kaye. Ndikakuikani lero, mawa mudzuka litatupa kuposa apa, zithunzi zonse ziipa." Ngati akufunitsitsa, agule malashi a mzere omata tsiku limodzi akaike yekha kunyumba diso likachira. Mukamulandira, mwaika pachiswe akwati ena onse a mwezi umenewo. Lamuloli likukhudzanso inu: diso lanu likafiira, siyani ntchito mpaka litayera ndi kusiya kutuluka zinthu. Pa adenovirus munthu amatha kupatsira ena mpaka masabata awiri.

Kuno ku Mchinji tili ndi chifukwa china choyang'anira zikope. Boma lino linali limodzi mwa maboma amene munali matenda a maso a trachoma, ndipo anthu ambiri akukumbukira mankhwala a azithromycin akugawidwa m'midzi. Mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi wathana ndi matendawa ngati vuto la dziko, koma alipo akuluakulu amene anatsala ndi zipsera m'kati mwa chikope, tsitsi n'kumapindikira m'kati kukanda diso. Mayi wotero akabwera kudzakonzekera chinkhoswe cha mwana wake, musamuike malashi. Mutumizeni ku chipatala, vutoli limakonzedwa ndi opaleshoni yaing'ono.

Za HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, simuyenera kufunsa munthu kapena kumusala. Aliyense mum'gwire mofanana, ndi zida zowiritsa. Twiza ikabaya khungu n'kutuluka magazi, ichotsedwe pomwepo, chifukwa kachilombo ka hepatitis B kamakhala kamoyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu.

Guluu naye tisamusiye osamunena, ngakhale sitikumuganizira pa nkhani yanuyi. Guluu weniweni wa malashi amapangidwa ndi mankhwala otchedwa cyanoacrylate, ndipo amauma akakumana ndi chinyezi. Akatsekulidwa amakhala bwino masabata 4 mpaka 6, ndiye lembani tsiku pa botolo. Musungeni choimika, m'kabotolo kotseka bwino, pamalo pozizira. Wotsekula kale musamuike mu firiji, chifukwa mukamutulutsa mame amalowa m'botolo n'kumuwononga. Asakhudzane ndi thonje kapena nsalu ya thonje, amatentha mpaka kuotcha khungu. Wolembedwa kuti ndi wa anthu a khungu losachedwa kuwengedwa amakhalabe ndi cyanoacrylate, choncho amene anawengedwapo kale asayesenso. Kasitomala watsopano mungamuike malashi 5 mpaka 10 diso lililonse, mudikire maola 48 muone. Zimathandiza, ngakhale sizigwira onse. Koma guluu wakuda womatira mawivi, ndi super glue wa m'magolosale, zimenezo zisafike pa chikope cha munthu ngakhale kasitomala atapempha yekha. Wa mawivi ali ndi labala amene amawenga anthu ambiri, ndipo amamatidwa pa khungu penipeni n'kutseka timabowo ta mafuta ta m'mphepete mwa chikope. Botolo lopanda dzina la kampani, lopanda mndandanda wa zimene zilimo ndi tsiku lothera, kaya lachokera ku Lilongwe kaya ku Chipata, lisiyeni pa shelefu.

Kaikidwe nako kamatsekulira matenda khomo. Lashi limodzi limatidwe pa tsitsi limodzi, kusiya mpata wa theka la milimita mpaka milimita 1 kuchokera pa khungu. Mukamata titsitsi tiwiri kapena titatu pamodzi, kamene kakukula msanga kamazula anzake, pa mzu n'kutsala kabala kolowera mabakiteriya. Lashi lolemera kapena lotalika kwambiri limachita chimodzimodzi. Chomata cha pansi pa diso chikhale milimita 1 kapena 2 m'munsi mwa mzere wonyowa wa chikope, ndipo muzichiyang'ana kawirikawiri, makamaka kasitomala akamalankhula, chifukwa masaya akamayenda chimakwera n'kukwecha diso. Tsekulani zenera kuti mpweya wa guluu uzituluka. Masiki wamba sautchinga, ndipo amene mumaupuma tsiku lonse ndi inu.

Guluu kapena mankhwala ochotsera malashi akalowa m'diso, musadikire. Mutembenuzireni mutu ku mbali ya diso lovulalalo, thirani saline kapena madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20, kuchokera ku mbali ya mphuno kupita kunja, kenako apite ku chipatala atanyamula botolo la chimene chalowacho. Zikope zikamatana musazikanule ndi mphamvu, musadule ndi lumo, musathire acetone. Ikani kansalu konyowa ndi madzi ofunda, mupite naye.

Makasitomala anu atatu aja akaonedwe ndi achipatala, ndipo muwauze kuti akanene kuti anaikitsa malashi ndi tsiku lake. Malashiwo nthawi zambiri amafunika kuchoka kuti chikope chitsukike ndi mankhwala afike, koma achipatala ndiwo anene nthawi yake. Musathire mankhwala ochotsera pa diso lotupa. Akakuuzani kuti muchotse, akhale womaliza pa tsikulo, muvale magolovesi, mugwiritse ntchito mankhwala ochotsera a kirimu amene sayenderera, osazula, kenako muwiritse ndi kupukuta zonse. Pali zizindikiro zimene sizidikira mawa: kupweteka kwenikweni kwa m'kati mwa diso, kulephera kuyang'ana kuwala, kuona mwachimbuuzi, kadontho koyera pa galasi la diso, chikope chotupa chotentha pamodzi ndi kutentha thupi. Wotero apite tsiku lomwelo ku chipatala cha boma ku Mchinji, ndipo zikakula amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Wodwala shuga, ndi amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika, asazengereze ngakhale zizindikiro zikuoneka zazing'ono.

Inuyo musapereke kapena kugulitsa mankhwala a m'maso. Ena odontheza ali ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid, monga dexamethasone. Amayeretsa diso msanga, munthu n'kusangalala, pomwe chilonda chikukula pansi mpaka diso kuboola. Awuzeninso mosapita m'mbali kuti mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga, madzi a masamba ndi mankhwala otsala a mnansi zisalowe m'diso. Kunyumba akhale ndi thaulo lakelake ndi pilo yakeyake, azisamba m'manja pafupipafupi, ndipo zopakapaka za m'maso zimene anagwiritsa ntchito akudwala azitaye.

Matenda ambiri a zikope amayambira kunyumba, malashi ataikidwa bwinobwino, chifukwa kasitomala akuopa kusamba kumaso kuti ndalama yake ingagwe. Amatha masabata atatu madzi osafika pa chikope, thukuta, fumbi, utsi wa kukhitchini ndi mafuta zikuunjikana pa mizu. Muuzeni asanadzuke pabedi kuti pakatha maola 24 azitsuka malashi tsiku lililonse. Muonetseni pagalasi: kathovu ka shampu ya malashi pa kaburashi kofewa, kutsuka kuchokera pa mzu kutsikira ku nsonga diso lili chotsinzina, kutsukuluza ndi madzi oyera, kugunditsa pang'onopang'ono ndi kansalu kosatuluka ubweya, kenako kupesa akauma. Vaselini, glycerine ndi mafuta odzola zisafike pa chikope, zimamasula guluu ndi kugwira fumbi. Akabwera kudzawonjezera pakatha masabata 2 kapena 3, muyang'ane mizu musanatsekule guluu. Mukapeza litsiro, tsukani kaye. Mukapeza mphepete mwa chikope mofiira ndi nkhanambo, chotsani onse, apume mpaka pachire.

Gulani kope la sukulu likhale pa tebulo. Munthu aliyense mulembe tsiku, nthawi, nambala ya foni, guluu amene mwagwiritsa ntchito ndi tsiku limene munamutsekula, peya ya matwiza, ndi mmene maso ake analili asanagone. Mapeya aja muwaike chizindikiro ndi kadontho ka penti wa zikhadabo kumapeto kogwirira, wofiira, woyera ndi wakuda. Wina akadzaimba kuti diso lafiira, mudzatsekula kopelo n'kuona amene anagona pabedipo iye asanabwere ndi amene anabwera pambuyo pake, ndipo mudzawaimbira iwo asanakuimbireni. Pa nkhani ya panopa, yesetsani kukumbukira onse amene munawaika kuyambira sabata imodzi wodwala woyamba uja asanabwere, muwaimbire mmodzimmodzi, ndipo musalandire munthu wa malashi mpaka chipinda mutachipukuta chonse ndi matwiza onse atawira.